Marian Anderson, woimba amene opera ya ku America inamulandira mochedwa

Madzulo a pa 7 Januwale 1955, m'nyumba ya zisudzo ya Metropolitan Opera mumzinda wa New York, nsalu yotchinga nsanja itakwezedwa anthu anaona mayi wakuda ataima pambali pa mphika waukulu, atavala ngati woombeza maula. Asanatulutse mawu n'komwe, holo yonse inaomba m'manja kwa nthawi yaitali, moti wotsogolera oimba zida, Dimitri Mitropoulos, anachita kudikira kuti phokoso lizizire. Mayiyo anali Marian Anderson. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1883, ndipo kwa zaka zoposa 70 inali isanalolepo munthu wakuda kuimba gawo lakelake pa nsanja yake. Tsiku limenelo Marian anali ndi zaka 57.

Zaka 57 zimenezi n'zimene ndikufuna tiziganizire mofatsa. Mbiri ya Marian Anderson imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani ya munthu amene anapirira mpaka kupambana, ndipo si bodza. Koma mawu oimbira amakalamba limodzi ndi thupi. Amakhwima munthu akamafika zaka 30, amakhala m'chimake kwa zaka zingapo, kenako amayamba kufooka. Gawo limene anaimba usiku umenewo, la mayi wotchedwa Ulrica mu opera ya Giuseppe Verdi ya Un ballo in maschera, ndi lokhalo limene anasewerapo pa nsanja ya opera moyo wake wonse. Dziko la America linali ndi mmodzi mwa oimba opambana kwambiri a m'zaka za m'ma 1900, koma linamutsegulira khomo la opera mawu ake atayamba kale kutha mphamvu. Kwa ine nkhani yagona pamenepo.

Opera ndi sewero limene anthu ake amaimba m'malo moyankhula. Inayambira ku Italy cha m'ma 1600, ndipo ma opera ambiri otchuka ali m'Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa. Woimba amavala zovala za munthu amene akumuyerekezera, amayenda, amalira, amakumbatira mnzake, amagwa pansi ngati wafa, uku akuimba. Kutsogolo kwa nsanja, m'malo otsika, mumakhala gulu lalikulu la oimba zida, ndipo mawu a munthu mmodzi ayenera kumveka pamwamba pa zida zonsezo popanda chokuzira mawu, kukafika kwa munthu wokhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni m'holo ya anthu oposa 3,000. N'chifukwa chake maphunziro ake amatenga zaka zambiri: kapumidwe, katchulidwe ka zinenero zachilendo, ndi kuloweza masewero otenga maola atatu kapena anayi.

Amene anaimbapo kwaya ya kumpingo akudziwa kuti mawu amagawidwa anayi, awiri a amayi, awiri a abambo. Mu opera magawowa amawagawanso. Mawu a Marian anali contralto, amene ndi otsika kwambiri mwa mawu onse a amayi, ndiponso osowa. Ankatha kutsika mpaka kufika kumene amaimba abambo, n'kukweranso kufika kumene amafika oimba soprano, mawu okwera kwambiri a amayi. Koma olemba opera ambiri gawo la mtsikana wokondedwa ankalipereka kwa soprano. Contralto ankapatsidwa magawo a amayi achikulire, olera ana, afiti ndi oombeza. Choncho ngakhale pakanapanda tsankho, malo a Marian mu opera akanakhala ochepa kuposa a anzake a mawu okwera. Kungoti tsankho linatseka ngakhale malo ochepawo.

Pali njira inanso imene woimba wophunzira chonchi amapezera chakudya. Amaima yekha pa nsanja, pambali pake woimba piyano, n'kuimba nyimbo zosiyanasiyana usiku wonse popanda sewero. Marian anatchukira m'njira imeneyi. Kusiyana kwa njira ziwirizi n'kofunika kuti timvetse America wa nthawi imeneyo. Mzungu ankatha kulipira tikiti kukamvera munthu wakuda akuimba ali yekha patali. Chimene ambiri sankafuna kuona ndi munthu wakuda akuyenda pa nsanja imodzi ndi azungu ngati mnzawo, kuwagwira dzanja, kuwalamula kapena kukondana nawo, ngakhale kuti linali sewero chabe.

Marian anabadwa pa 27 Febuluwale 1897 mumzinda wa Philadelphia. Agogo ake aamuna, a Benjamin Anderson, anabadwira muukapolo ku Virginia. Bambo ake, a John Anderson, ankagulitsa ayezi ndi malasha pa siteshoni ya sitima ya Reading Terminal. Mayi ake, a Anna, anali mphunzitsi ku Virginia, ndipo anaphunzirako pang'ono pa sukulu ya Baptist ya ku Lynchburg, yomweyo imene John Chilembwe anadzaphunzirapo zaka zochepa pambuyo pake. Atafika ku Philadelphia sanaloledwe kuphunzitsa. Bambo a Marian anavulala m'mutu ali ku ntchito ndipo anamwalira Marian ali ndi zaka 12. Mayi aja, munthu wodziwa kuphunzitsa ana, anayamba kuchapa zovala za anthu ndi kukolopa m'sitolo yaikulu ya Wanamaker kuti adyetse ana awo atatu aakazi.

Kuimba anakuyambira ku tchalitchi cha Union Baptist ali ndi zaka 6. Mpingowo unaona msanga chimene unali nacho. Akhristu ake, ambiri mwa iwo antchito a m'nyumba ndi aganyu, ankasonkherana ndalama zomulipirira aphunzitsi a kuimba. Woimba wakuda wotchuka wa nthawi imeneyo, Roland Hayes, amene ankabwera kudzaimba pa tchalitchicho, anamulimbikitsa kuti aphunzire mozama. Marian atapita kukalembetsa pa sukulu ina ya nyimbo mumzindamo, anaima pa mzere mpaka nthawi yake inakwana, koma mtsikana wachizungu wa pa windo anamudumpha n'kuthandiza onse a kumbuyo kwake. Atatsala yekha anamuuza kuti sukuluyo silandira anthu akuda. Izi zinachitika kumpoto, ku Philadelphia, kumene kunalibe malamulo a tsankho ngati a kumwera. Pambuyo pake anapeza mphunzitsi Giuseppe Boghetti, amene anamumva akuimba kamodzi n'kumulandira, ndipo mpingo unasonkhanso.

Mu 1924 anayesa mwayi ku Town Hall ku New York. Holo inali ndi anthu ochepa, ndipo olemba nyuzi anati nyimbo za Chijeremani ankaziimba asakuzimvetsa. Zinamupweteka kwambiri moti anasiya kuimba kwa miyezi ingapo. Chaka chotsatira analowa mpikisano wa oimba pafupifupi 300, n'kupambana, ndipo mphotho yake inali kuimba ndi gulu la New York Philharmonic pa bwalo la Lewisohn pa 26 Ogasiti 1925. Anthu anamuyamikira, koma makomo sanatseguke. Ankaimbabe makamaka m'matchalitchi ndi m'makoleji a anthu akuda, akumayenda m'mabogi a sitima opatulidwira akuda.

Anaona kuti mawu abwino okha sakwanira ngati zinenero sakuzidziwa, ndiye anawoloka nyanja. Anayamba ndi England, ndipo mu 1930 anapita ku Berlin ndi thandizo la bungwe la Rosenwald kukaphunzira Chijeremani ndi kaimbidwe ka nyimbo zake. Kumeneko anakumana ndi woimba piyano wa ku Finland, Kosti Vehanen, amene anadzagwira naye ntchito zaka pafupifupi 10. Ku Norway, Sweden, Denmark ndi Finland mbiri yake inawanda kwambiri moti maholo ankadzaza kulikonse kumene wapita. Wopeka nyimbo wamkulu wa ku Finland, Jean Sibelius, anamulandira kunyumba kwake. Mu 1934 ku Paris anamumva Sol Hurok, mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri pa malonda a zoimba ku America, ndipo anakhala womukonzera maulendo ndi malipiro. Mu 1935 ku Salzburg, Austria, akuluakulu a chikondwerero cha nyimbo cha kumeneko sanamuike pa ndandanda wawo, choncho anaimba m'holo ya hotela. Wotsogolera oimba zida wa ku Italy, Arturo Toscanini, anali momwemo, ndipo anamuuza kuti mawu ngati ake munthu amawamva kamodzi pa zaka 100. Hurok anadziwa kugulitsa mawu a Toscanini amenewa.

Ulaya sanali paradizo. Germany ya Hitler inamutsekera makomo chifukwa cha khungu lake. Komabe nyumba zina za opera ku Ulaya zinamupempha kuti asewere, ndipo ku Moscow mphunzitsi wa zisudzo Konstantin Stanislavski anafuna kumuphunzitsa gawo la Carmen, mayi wa mu opera yotchuka ya dzina lomwelo. Marian sanavomere. Ankaona kuti luso la sewero sanaliphunzire, ndipo ntchito yoimba yekha inali itayamba kumuyendera. Ena amatenga mfundo imeneyi n'kunena kuti ndiye kuti opera anaikana yekha. Ine sindikuvomereza. Munthu amaphunzira sewero ali wamng'ono, pa sukulu ya nyimbo ndi m'magulu ang'onoang'ono a opera, kumene amaloledwa kulakwitsa. Malo amenewo ndi omwe anamubweza pa windo paja. Pofika zaka 38, ali ndi dzina loti aliteteze ndiponso banja loti alisamale, kuyamba luso latsopano pamaso pa dziko lonse sichinali chinthu chapafupi.

Anabwerera ku Town Hall pa 30 Disembala 1935, mwendo uli m'chikhakha chifukwa anagwa m'sitima yapamadzi pobwera. Diresi lalitali linabisa chikhakhacho, iye atatsamira piyano. Ulendo uno New York inamugwadira. Mu 1936 anaimba ku White House. Koma kutchuka sikunamupezere pogona. Mu 1937 hotela ya Nassau Inn ku Princeton inamukaniza chipinda, ndipo amene anamutengera kunyumba kwake anali Albert Einstein. M'mizinda yambiri ankadyera m'chipinda chake kapena kugona m'nyumba za mabanja a anthu akuda, atangochoka pa nsanja pamene azungu amamuombera m'manja ataimirira.

Zinafika pa mwana wakana phala mu 1939. Yunivesite ya Howard, ya anthu akuda ku Washington, inkamuitana kudzaimba chaka ndi chaka, ndipo omvera anachuluka mpaka malo ankachepa. Holo yaikulu kwambiri mumzindamo inali Constitution Hall, ya bungwe la amayi la Daughters of the American Revolution, mbumba za anthu amene anamenyera ufulu wa America kuchoka ku Britain. Kuyambira 1932 bungweli linkalola azungu okha kuimba pa nsanja yake. Poyamba anayankha kuti tsiku lopemphedwalo linatengedwa kale. Atapempha masiku ena, yankho silinasinthe. Akuluakulu a maphunziro mumzindamo nawonso anakaniza holo ya sukulu ya azungu ya Central High School. Mayi Eleanor Roosevelt, akazi a pulezidenti Franklin Roosevelt, anali membala wa bungwe lija, ndipo mu Febuluwale anatulukamo poyera. Nkhani inafalikira dziko lonse.

Walter White, mlembi wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, pamodzi ndi Hurok ndi nduna ya boma Harold Ickes, anakonza zoti Marian aimbe panja, pa masitepe a chipilala chokumbukira Abraham Lincoln, pulezidenti amene analengeza kumasulidwa kwa akapolo mu 1863. Pa Sabata la Pasaka, 9 Epulo 1939, kunja kukuzizira, anthu pafupifupi 75,000, akuda ndi azungu osapatulidwa, anasonkhana pamenepo, ndipo mamiliyoni anamvera pa wailesi ya NBC. Ickes pomulonjera anati luso silisankha khungu. Marian anayamba ndi nyimbo yotamanda dziko imene mwana aliyense wa sukulu ku America amaidziwa, koma pamene nyimboyo imati "ine" iye anaimba kuti "ife". Anatsatiza ndi nyimbo ya mu opera ya Donizetti, ina ya Schubert, kenako nyimbo zauzimu zimene akapolo anapeka, imodzi mwa izo yokonzedwa ndi Florence Price, mayi wakuda wopeka nyimbo. Zonse sizinakwane ola. Martin Luther King anali ndi zaka 10 panthawiyo, ndipo ali ndi zaka 15 anatchula tsiku limeneli pa mpikisano woyankhula pagulu ku Georgia.

Marian mwiniwake sanazifune zonsezi. Mkangano wonse unkachitika iye ali pa ulendo woimba kwina, ndipo atolankhani akamufunsa za bungwe lija ankapewa kulinyoza. Anavomera kuimba pa chipilalacho ali ndi mantha, chifukwa anaona kuti nkhaniyo inali itamukulira ndipo sakanatha kuithawa. Khalidwe limeneli ena ankalitcha ulemu, ena kufatsa kopitirira muyeso. Kumwera, kumene lamulo linkapatula mipando, kwa zaka zambiri sankakana kuimba. Ankangolamula kuti holo igawidwe pakati kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti akuda nawonso apeze mipando yabwino m'malo motayidwa m'mwamba kumbuyo. Mu 1951 a NAACP, omwe anamupatsa mendulo yawo ya Spingarn mu 1939, ananyanyala kuimba kwake ku Richmond chifukwa cha mipando yopatulayo. Zitatero anasiyiratu kuimba m'maholo opatula anthu. Woimba mnzake Paul Robeson anasankha kuyankhula mosabisa, ndipo boma linamulanda pasipoti mu 1950, ntchito yake n'kusokonekera kwa zaka zambiri. Sindiona chifukwa chomuweruzira Marian pomuyerekeza ndi Robeson. Aliyense analipira mtengo wake, ndipo zimene zinagwera Robeson zikuonetsa chimene Marian ankachiopa.

Mu 1943 anaimba ku Constitution Hall komweko pothandiza anthu ovutika ndi nkhondo ku China, omvera atakhala mosakanikirana. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi Orpheus Fisher, wojambula mapulani a nyumba, ndipo anakhazikika pa famu yawo ku Danbury, Connecticut. Mu 1948 anachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa pafupi ndi pakhosi, ndipo anakhala kanthawi osaloledwa kuimba.

Tisaganize kuti oimba akuda onse ankangodikira Metropolitan Opera. Mary Cardwell Dawson anayambitsa gulu la opera la anthu akuda, National Negro Opera Company, ku Pittsburgh mu 1941. Gulu laling'ono la New York City Opera linalemba Todd Duncan mu 1945 ndi Camilla Williams mu 1946. Oimba analipo, luso linalipo. Imene inkakana inali nyumba yaikulu, yolemera, imene woimba aliyense ku America ankalota kuimbamo. Zinthu zinasintha Rudolf Bing, wobadwira ku Vienna, atakhala mkulu wa nyumbayi mu 1950. Mu 1951 analemba wovina wakuda Janet Collins. Mu 1954, chaka chimene khoti lalikulu la America linagamula kuti kupatula ana m'sukulu za boma n'kuphwanya malamulo, Bing anapempha Marian kuti aimbe Ulrica.

Kusankha Marian kunali kuchenjera. Panali oimba akuda achinyamata amene mawu awo anali m'chimake, koma Marian anali munthu amene ngakhale wodana ndi akuda akanachita manyazi kumutsutsa poyera. Gawo lake linalinso lotetezeka. Ulrica amaoneka m'chigawo chimodzi chokha cha sewero, amalosera kuti mwini dziko adzaphedwa ndi mnzake amene ayambe kumugwira chanza, basi n'kuchoka. Sakondana ndi wina aliyense pa nsanja. Usiku woyamba, pambali pa oimba otchuka monga Zinka Milanov, Richard Tucker ndi Leonard Warren, Marian anayamba mawu akunjenjemera, ndipo iye mwini sanabise kuti mantha anamugwira. Olemba nyuzi anamulemekeza, koma anaonanso kuti mawuwo sanalinso aja a ku Salzburg. Anaimba gawolo kangapo mu 1955 ndi 1956, ndipo sanabwererenso mu opera.

Chimene Bing ankafuna, kutsegulira khomo oimba akuda, chinachitika mofulumira. Patangotha masabata atatu, pa 27 Januwale 1955, Robert McFerrin anakhala mwamuna wakuda woyamba kuimba gawo lalikulu m'nyumbayi. Mattiwilda Dobbs anatsatira mu 1956. Mu 1961 kunabwera Leontyne Price wa ku Laurel, Mississippi, amene ali ndi zaka 9 anamva Marian akuimba ku Jackson n'kutsimikiza mtima kuti nayenso adzakhala woimba. Price analowa ali ndi zaka 33, mawu ali m'chimake, anaimba magawo aakulu a Verdi kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 1966 ndiye anatsegulira nyumba yatsopano ya Metropolitan ku Lincoln Center. Tikayang'ana ntchito ya Price timaona kukula kwa chimene Marian analandidwa, ndiponso chimene okonda opera a m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anadzimana okha. Grace Bumbry ndi Shirley Verrett, amene anadzatchuka m'nyumba za opera za dziko lonse, anathandizidwa ali achinyamata ndi thumba limene Marian anakhazikitsa ndi madola 10,000 a mphotho ya Philadelphia Award imene analandira. Komabe kusinthako kunali ndi malire. Metropolitan inadzaonetsa koyamba opera yopekedwa ndi munthu wakuda, Terence Blanchard, mu 2021.

Zaka zotsala za ntchito yake zinadzaza ndi ulemu wa boma. Anaimba polumbiritsa pulezidenti Eisenhower mu 1957 ndi Kennedy mu 1961. Mu 1957 boma linamutuma ku India ndi maiko ena a ku Asia, pa nthawi imene America inkafuna kuonetsa dziko nkhope yabwino uku kwawo asilikali akuperekeza ana akuda ku sukulu ku Little Rock. Mu 1958 anakhala m'gulu la nthumwi za America ku United Nations. Mu Ogasiti 1963 anaimbanso pa chipilala cha Lincoln, pa tsiku la ulendo waukulu wa omenyera ufulu ku Washington, ndipo chaka chomwecho analandira mendulo ya Presidential Medal of Freedom. Ulendo wake wotsanzika unayambira ku Constitution Hall mu Okutobala 1964 n'kuthera ku Carnegie Hall pa 18 Epulo 1965.

Anamwalira pa 8 Epulo 1993 ku Portland, Oregon, ali ndi zaka 96, kunyumba kwa James DePreist, mwana wa mng'ono wake, amene anali wotsogolera gulu la oimba zida la Oregon Symphony. Wofuna kudziwa chimene Toscanini anamva asayambe ndi zojambulidwa za 1955. Afunefune za m'zaka za m'ma 1930, makamaka nyimbo za Schubert ndi zauzimu zimene anajambula ndi Vehanen, ndiponso nyimbo ya Brahms imene anajambula mu 1939 ndi gulu la Philadelphia Orchestra motsogoleredwa ndi Eugene Ormandy. Holo imene gulu limeneli limaimbiramo masiku ano inapatsidwa dzina la Marian Anderson mu 2024.